Pepala la ku Likulu Likuti Kuli Dzuwa

Amuna anga analengeza zanyengo pa wailesi ya m'tauni mwathu kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, moti dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso basi. Aliyense ankangoti a Zanyengo. Ngakhale amayi anga, apongozi awo, ankatero, kungoti iwo ankalitchula ngati dzina la matenda.

Sukulu ya zanyengo sanapiteko, tisanamizanepo apa. Ikati ikwane sikisi koloko m'mawa, ankatsegula zenera la mu situdiyo, n'kutulutsa mutu ngati nkhuku ya m'dengu, n'kununkhiza. Akatero ankayang'ana utsi wa ku bekale, kuona ngati ukukwera kapena ukukwawa pa madenga. Zikawasokoneza ankakuwira mlonda wa pageti n'kumufunsa za bondo lake, limene linathyoka kalekale pa mpira ndipo linkadziwa mvula kuposa mwini wake. Panalinso chitseko cha situdiyo chomwecho. Chikayamba kukana kutseka, ndiye kuti thabwa lamva chinyezi. Akamaliza zonsezi ankakhala pansi, n'kukonza kukhosi, n'kuuza tauni yonse ngati ichape kapena isachape.

Ndipo sankaphonya. Ine ndikudziwa bwino chifukwa ndimadyera pa chingwe. Ndimachapa nsalu za pabedi za nyumba yogona alendo ya pafupi ndi depoti ya basi, ndipo munthu wa ntchito yanga akalakwitsa kumwamba, walakwitsa zonse. Omanga nyumba ankadikira mawu awo asanatsegule thumba la simenti. Okonza maukwati ankabwera kunyumba n'kuyamba kundifunsa za umoyo wa ana, chonsecho akufuna kudziwa za Loweruka. M'nyumba mwathu munalibe mpando woti mlendo n'kuusirira, koma bambo akanena kuti kugwa mvula, anthu ankanyamula maambulera osayang'ana n'kumwamba komwe. Chuma chathu chinali chimenecho, ndipo ine ndinkayenda nacho monyada pamsika.

Tsono mwini wake wa wailesiyo, nkhalamba ina imene inkagona msonkhano uli mkati, anatopa n'kuigulitsa kwa kampani ya ku likulu la chigawo. Kampaniyo inali kale ndi mawailesi asanu ndi imodzi ndiponso ma TV awiri, ndipo inkangotolera ena ngati munthu wotola mango ogwa ndi mphepo. Yathu inakhala yachisanu ndi chiwiri. Dzina lake analichotsa pakhoma n'kulembapo kuti Wailesi Nambala Seveni.

Anatitumizira bwana watsopano, bambo wa suti yothina amene sankatha mawu atatu osanena kuti ndondomeko. Pasanathe mlungu tauni inali itamutcha kale a Ndondomeko. Ntchito yawo yoyamba inali kuitana kalipentala kuti akhome thabwa pa zenera la mu situdiyo, n'kumatapo chizindikiro cha kampani.

“Nanga kunja ndiziona bwanji, bwana?” anafunsa amuna anga.

“Kunja mukufunako chiyani, achikulire?” anatero a Ndondomeko. “Kunja kuzibwera pa pepala.”

Ndipo kunkabweradi pa pepala. M'mawa uliwonse makina a mu ofesi ankalavula pepala limodzi lochokera ku likulu, lomwelo la mawailesi onse asanu ndi awiri ndi ma TV awiri aja. Amuna anga anayesa kufotokoza kuti likulu lili kutali, ulendo wa maola asanu pa basi, kuseri kwa mapiri, kumene mvula imafika mwa apo ndi apo ngati m'bale wolemera. A Ndondomeko anawamvetsera moleza mtima ndithu.

“Kampani ndi imodzi, chigawo ndi chimodzi,” anayankha. “Ndiye nyengo zikhale zisanu ndi ziwiri chifukwa chiyani? Muziwerenga mmene zalembedwera, osawonjezera, osachotsera. Mukalakwa mulandira kalata yochenjeza. Makalata akakwana atatu, ndondomeko imati tisiyane.”

Kalata yoyamba inabwera mawa lake lomwelo. Pepala linati dzuwa liswa mtengo tsiku lonse, koma pamene ankawerenga, mvula inali ikuimba ng'oma pa malata a situdiyo, moti ife kunyumba tinkaimva mu wailesi momwemo. Amuna anga anachita kukuwa kuti mawu oti dzuwa amveke. Atamaliza, chikumbumtima chinawagwira, n'kuwonjezera kuti, “Komabe amene muli ndi ambulera, musaisiye yokha kunyumba, ingasungulumwe.” Pofika masana kalata inali m'thumba.

Kuyambira pamenepo ankawerenga pepala ngati mwana wa sukulu, ndipo tauni inayamba kunyowa. Anthu anazolowera kukhulupirira, ndiye ankatuluka ndi nsapato zoyera n'kubwerera ali matope mpaka m'mawondo. Mmisiri wina anaumba njerwa tsiku lonse, madzulo n'kupeza phala. Woyandikana nane, amake mapasa, anandiitanira kuseri kwa mpanda n'kundifunsa monong'ona.

“Anzanga, musandimve molakwa. Kodi abambo kunyumbaku ayamba kumwa?”

“Kumwa chiyani?”

“Ayi, ndangofunsa. Paja dzulo anati kuli dzuwa, ine matewera onse ndakawatola m'ngalande.”

Zinandipweteka kwambiri. Amuna anga anasiya kudutsa pamsika, n'kumazembera njira ya kuseri kwa chigayo. Chakudya ankangochitosatosa. Munthu amene kale ankalonjeredwa ndi aliyense tsopano ometa tsitsi ankamukuwira kuti, “A Zanyengo, lero tivale jekete kapena tisambire?”

Nzeru ya chifuwa inali yanga, ndivomere. Ndinawauza kuti ndondomeko ikuletsa kuwonjezera mawu, koma chifuwa si mawu, ndipo palibe kampani imene ingalembere munthu kalata chifukwa cha kukhosi. Tinapangana kuti akamaliza kuwerenga pepala, akatsokomola kamodzi ndiye kuti kuwaza pang'ono, kawiri ndiye kuti anulani zovala, katatu ikani ndowa pamene pamadontha. Akapanda kutsokomola, ndiye kuti likulu lalasa mwangozi. Zenera analitseka, inde, koma utsi wa ku bekale ankauona popita, bondo la mlonda linali pomwepo pageti, ndipo chitseko a Ndondomeko sanachiganizire.

Ndinauza amake mapasa okha, n'kuwapempha kuti asauze munthu. Pofika madzulo tauni yonse inali itadziwa.

Miyezi iwiri zinthu zinayenda ngati zopaka mafuta. Nthawi ya zanyengo ikakwana, anthu ankapitiriza macheza awo pepala likuwerengedwa, koma likamatha aliyense ankati chete, n'kukweza wailesi, khutu tcheru. Mu basi woyendetsa ankachita kuzimitsa injini. Amuna anga anayambanso kudutsa pamsika, ndipo ogulitsa tomato ankawaikira mabasela. A Ndondomeko okha ndi amene ankada nkhawa. Anawagulira timaswiti ta pakhosi, kenako botolo la mankhwala, kenako sikafu ya chizindikiro cha kampani. Timaswiti tinali tabwino, ndinkatimwera tiyi.

Chinatigwetsa ndi makina oziziritsa mpweya amene kampani inaika mu situdiyo, poti zenera kunalibe. Mlungu wina kunja kuli ng'a, kopanda ndi kamtambo komwe, amuna anga anadwala chimfine chenicheni. Ndinawauza kuti agone kunyumba. Iwo anati nanga pepala awerenga ndani. Anapita, anawerenga kuti kuli dzuwa, zimene zinali zoona, kenako chifuwa chinawagwira maikolofoni ali otsegula. Amake mapasa anawerenga ndi zala mpaka zala zinatha. Anatsokomola ka khumi ndi kamodzi, n'kumalizira ndi kuyetsemula.

Za kuyetsemula sitinapanganepo, ndiye aliyense anamasulira mmene mtima wake unamuuzira. Mphunzitsi wamkulu anabweza ana onse kunyumba. Amsika anasenza katundu n'kuthawa. Anthu a kumunsi kwa mlatho anakwera kumtunda ndi matilesi kumutu, mbuzi pambuyo. Bambo wina wa galimoto yonyamula mchenga anaimangirira ku mtengo ndi chingwe, kuti madzi akabwera isapite yokha.

Ndipo ine? Ine amene ndinawawiritsira ndekha madzi a mandimu m'mawa umenewo? Atafika kachitatu ndinati n'chimfine. Kachisanu ndinati n'chimfine. Atafika kachisanu ndi chinayi ndinati ayi, apa pali kanthu, chimfine chokha sichingatere. Ndinaanula nsalu zonse zili zonyowa n'kuziunjika m'chipinda, ndipo ndinakhala nazo tsiku lathunthu dzuwa likuphika panja. Tsiku limenelo alendo anagona pa matilesi opanda kanthu. Mwini wake wa nyumba ya alendo, mayi wosadziwa kuseka, anandiuza kuti zikadzachitikanso ntchito adzapatsa wina.

Madzulo anthu anatsika kumtunda ndi matilesi awo, atapsa ndi dzuwa, atapsanso mtima. Mvula ikakuona litsiro sikata: bambo wa galimoto uja anawongoka mpaka ku wailesi, n'kugogoda pa ofesi ya a Ndondomeko.

“Bwana, ndabwera kudzadandaula. Wailesi yanu yatsokomola zabodza.”

A Ndondomeko anamupatsa mpando, ndipo bamboyo anafotokoza zonse, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka ndowa. Kalata yachiwiri inati amuna anga apezeka ndi mlandu wa kutsokomola kosavomerezeka ndi likulu. Woyendetsa makina mu situdiyo analamulidwa kuti chala chake chizikhala pa batani, akangomva kukhosi kukukonzeka azidula. Dzina la a Zanyengo linagwa pansi kuposa kale. Poyamba anthu ankati amanama chifukwa cha pepala, tsopano ankati ngakhale chifuwa chawo n'chabodza.

Patapita milungu itatu, kampani inalengeza kuti itsegula nthambi ya TV m'tauni mwathu. Mabwana a ku likulu abwera, kudzakhala mwambo pabwalo la wailesi, ndipo zanyengo za tsiku limenelo zidzawerengedwa pabwalo pomwepo teni koloko, n'kumveka pa mawailesi onse ndi ma TV onse awiri nthawi imodzi. A Ndondomeko sankafuna amuna anga, koma ku likulu ankakonda mawu awo, ndiponso mwa onse ogwira ntchito pa Nambala Seveni ndi iwo okha amene anali ndi jekete. Matenti sanabwereke. Pepala linali litanena kale kuti kudzakhala dzuwa, ndipo kampani singabwereke tenti motsutsana ndi pepala lake.

M'mawa wa tsikulo ndinawasitira malaya oyera mpaka kolala inaima yokha. Kumwamba kunali mbee. Ndikuwamanga tayi ndinawalankhula mosapita m'mbali.

“Bambo, lero muwerenge pepala. Likati kukugwa nsomba, inu munene kuti kukugwa nsomba. Kalata yachitatu m'nyumba muno sindikuifuna. Mwamva?”

“Ndamva, mayi.”

“Osatsokomola, osayetsemula, osakanda mphuno.”

“Ndamva.”

Atapita ndinayanika nsalu makumi atatu, zingwe zonse zinayi kudzaza, n'kupita kwa amake mapasa kukaonera TV. M'nyumbamo munali mutadzaza kale, ena ataima pazenera. Tinaona mabwana atakhala pa mipando yokutidwa ndi nsalu zoyera, azimayi awo atavala zipewa zazikulu, ndi keke yaitali yooneka ngati mlongoti wa wailesi. A Ndondomeko analankhula mphindi makumi awiri, ndipo amake mapasa anawerenga mandondomeko khumi ndi asanu ndi atatu.

Kenako anaonekera amuna anga. Tayi inali itapita kale kumbali. Anagwira pepala ndi manja awiri, n'kuyamba bwinobwino ndi mawu awo aja oti munthu ukawamva umaganiza kuti ndi chimphona.

“Lero chigawo chathu chonse chiyembekezere dzuwa kuyambira m'mawa mpaka...”

Anaima. Kumbuyo kwawo, chapatali pageti, kamera inkaonetsa mlonda atakhala pa mpando wake akusisita bondo ndi manja onse awiri, nkhope atakwinya. Amuna anga sanacheuke, koma ndinaona mphuno yawo ikukwera pang'onopang'ono. Mphuno imeneyo ndakhala nayo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndimaidziwa.

“Werengani pepala inu!” ndinakuwira TV ya eni ake. “Pepala!”

Anapinda pepalalo kanayi, mosamala ngati ndi ndalama, n'kuliika m'thumba la jekete.

“Inu a matauni enawo mundikhululukire,” anatero. “Kunja kwanu sindikukuona, tulukani muyang'ane nokha. Koma kuno kwathu, isanakwane thwelofu koloko kugwa mvula, ndipo yambiri. Anulani.”

Pomwepo chithunzi chinazima, pa TV n'kubwera mayi wina akuvina ndi paketi ya sopo.

M'nyumba muja amake mapasa anadzuka, n'kutola beseni, n'kulunjika kuchitseko.

“Mukupita kuti?” ndinawafunsa. “Mwaiwala za chimfine chija? Mwaiwala matilesi?”

“Lija linali tsiku la chifuwa, anzanga. Lero anena ndi pakamwa.”

Anthu onse anabalalika. Mumsewu wathu monse munali piringupiringu, azimayi ndi mabeseni, azibambo akukwera pa madenga ndi miyala, wosoka nsapato wa pakona akulowetsa benchi lake. Ine ndinafika kunyumba n'kuyang'ana kumwamba. Kunalibe kanthu, ngakhale kamtambo koti n'kupukutira mbale. Mtima wanga unali ukuwira. Munthu wataya ntchito pamaso pa matauni asanu ndi awiri chifukwa cha bondo la mlonda! Ndipo ndinene zoona, poti ndi zimene ndinakhalira pansi kuti ndinene: sindinawakhulupirire. Ndinati manyazi awazunguza mutu, angofuna kuti anene kanthu kawokawo kamodzi asanachoke. Ndinakumbukiranso nkhope ya mayi wa nyumba ya alendo uja. Ndinatenga mpando, n'kukhala pakhonde, manja nditapinda.

“Mayi, nsalu!” anakuwa mkazi wa wosoka nsapato akudutsa.

“Zisiyeni! Munthuyo ndimamudziwa ndine!”

Leveni koloko inakwana dzuwa likuswa mtengo. Hafu leveni, chimodzimodzi. Anthu anayamba kusuzumira m'mazenera, ena kuyang'ana kwa ine, ndipo ine ndinkagwedeza mutu ngati munthu wanzeru amene anaona kale zonse. Koma m'kati sindinali bwino. Ndinkafuna kuti nsalu ziume, ndipo ndinkadziwanso kuti zikauma, amuna anga atha, sadzadutsanso pamsika mpaka kufa.

Itatsala kota kuti ikwane thwelofu, kamphepo kanadutsa n'kugwetsa tsache limene linali litatsamira khoma. Ndinamva fungo la dothi. Ndisanaimirire n'komwe, kuseri kwa bekale kunada ngati pansi pa poto, ndipo mvula sinayambe ndi madontho ayi, inangokhuthuka yonse pamodzi.

Za ku bwalo la wailesi ndinazimva pambuyo pake. Akuti mabwana anathawa atasenza mipando kumutu, zipewa zija zikuyandama, keke inagwada pang'onopang'ono mpaka kugona. Akuti a Ndondomeko analowa pansi pa tebulo, ndipo ali pansi pomwepo anatulutsa cholembera n'kusaina kalata yachitatu, poti ndondomeko sinena kanthu za munthu amene walakwa molondola. Akutinso m'matauni ena asanu ndi imodzi aja anthu anatulukadi kukayang'ana kumwamba, ena kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho.

Ine zonsezo sindinazione. Ndinali pa chingwe, ndikulimbana ndi nsalu zolemera ngati ng'ombe, matope akuthovukira pa zimene zinali zitagwa. Ndili mkati molimbana choncho ndinamva phokoso kumtunda kwa msewu, anthu akuomba m'manja, ena akuimba malikhweru. Ndinasuzumira pampanda.

Anali amuna anga. Ankabwera pakati pa msewu, opanda ambulera, atanyowa mpaka m'mafupa, dzanja lina atagwira kapu yawo ya tiyi ya ku ntchito, lina kalata imene inali itasanduka phala. Pakhonde lililonse panali anthu ouma, ataima pambali pa mabeseni a zovala zouma, akukuwa kuti, “A Zanyengo! A Zanyengo!” Ometa tsitsi aja anachita kuvula zipewa. Munthu wachotsedwa ntchito, koma akumwetulira ngati mkwati, akuyang'ana uku ndi uku zingwe zopanda kanthu, nyumba ndi nyumba, msewu wonse.

Anatsegula geti lathu akumwetulirabe. Kenako anaona zingwe zinayi zija, n'kuona ine nditakumbatira nsalu yamatope.

Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anayang'ana nsalu, anayang'ana mpando umene unali pakhonde, n'kuyang'ananso ine. Ndinkafuna akalipe, anditukwane ngakhale pamaso pa anthu, kuti nanenso ndipeze poyambira. Sanatero.

“Kumwamba kunali koyera, bambo,” ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono.

“Kunali koyeradi,” anayankha.

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. M'tauni yonse munthu mmodzi yekha ndi amene sanawakhulupirire, ndipo anali yemwe anawasitira malaya.

Anaika kapu pakhonde, anavula jekete n'kuikoleka pa mpando uja, n'kubwera kudzagwira mbali ina ya nsalu imene inali m'manja mwanga.

“Gwirani uko, mayi,” anatero. “Tifinye.”